Mkuyu wake uti? Kusiyanitsa mikuyu ndi akachere akuchigwa kuno

Kuchigwa kuno, kuchokera pa Thabwa kutsetsereka mpaka ku Marka, mtengo uliwonse wotuluka utomoni woyera nkumabala nkhuyu timaupatsa mayina awiri basi. Ukakhala waukulu wamasamba otambalala timati mkuyu, ukakhala wa timasamba tating'ono uku mizu ikulendewera kunthambi timati kachere, nkhani yathera pompo. Pocheza pamthunzi mayina awiriwa amakwana ndithu, palibe amasochera. Vuto limabwera tikafika pa zodzala ndi zodyetsa ziweto, chifukwa mitengo imene tayiunjika m'mayina awiriwa ndi yambiri ndipo khalidwe lake silofanana olo pang'ono, wina umagwira gombe madzi akasefukira, wina umang'amba maziko a nyumba ndi thanki ya chimbudzi, wina mbuzi zimadya masamba ake bwinobwino pomwe m'bale wake wofanana nawo umadwalitsa ng'ombe. Chichokereni madzi a mu January 2015, kenako namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023, nkhani yodzala mitengo m'mbali mwa Shire, Mwanza, Ruo ndi timitsinje totsika kumapiri a Thyolo ili mkamwamkamwa, ndipo mkuyu sulephera kutchulidwa. Koma funso loti mkuyu wake uti silimveka kawirikawiri, nde ndi limene ndikufuna tikambirane.

Akatswiri a zomera mitengo yonseyi amayiika m'gulu limodzi lotchedwa Ficus, gulu lotere iwo amati genus. Tingoti Ficus ndi mfunda, monga a Phiri kapena a Tembo, dzina lachiwiri ndi la mwiniwake, nde Ficus sycomorus ndi Ficus sur ndi pachibale koma si munthu mmodzi. Katchulidwe ka mayina awiriawiri kameneka kanakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, ndipo mkuyu wathu wam'mbali mwa mtsinjewu ndi umodzi mwa mitengo imene iye anaipatsa dzina chaka chomwecho. Padziko lonse mfunda umenewu uli ndi mitundu yoposa 750, mu Africa muno pafupifupi 100.

Musanayambe kufunsa kuti ndi uti, tsimikizani kaye kuti ndi Ficus. Utomoni pawokha siumboni, nkhadze ili nawo, thombozi ali nawo, papaya naye ali nawo. Yang'anani kunsonga kwa kanthambi, mupeza kachikopa kosongoka kokuta tsamba limene silinatambasuke, tsamba likamatuluka kachikopako kamagwa nkusiya kachipsera kozungulira kanthambi pamene pamera tsambapo. Mukapeza utomoni, kachipsera kameneka ndi nkhuyu, olo yaiwisi olo youma yogwa pansi, simunaphonye.

Pamene ambiri timagwera ndi pa tsamba. Timathyola tsamba limodzi nkumafuna litiuze zonse, chonsecho tsamba la mkuyu limasintha kwambiri pamtengo umodzi womwewo, la pamphukira ya pachitsa limakula mwina kawiri kuposa la kumwamba ndipo limatha kukhala ndi mano m'mbali pomwe lakumwambalo lilibe, la pamthunzi ndi lopyapyala, la padzuwa la ku Ngabu lija la mu October ndi lokhuthala komanso laling'ono. Chimene sichinama kwenikweni ndi nkhuyu, pamene yamera, kukula kwake, ngati ili ndi kaphesi kapena yangomatirira kunthambi, ngati ili ndi ubweya, ndi kakamwa kake kaja ka kunsonga. Tsamba, khungwa ndi malo amene mtengo wamera zimabwera pambuyo kudzachitira umboni.

Tiyambe ndi mkuyu weniweni uja aliyense amaudziwa, Ficus sycomorus. Uwu ndi wam'mbali mwa mitsinje ndi m'madimba momwe madzi apansi ali pafupi, umatalika mamita 20 pena kuposa, thunthu lake lalifupi lonenepa lokhala ndi mizu yotukuka m'tsinde. Chizindikiro chake chooneka muli patali ndi khungwa, ndi lachikasu chotuwira pena chobiriwirako ndipo limasupuka timapalepale, mukalikhudza mumatsala ndi kafumbi m'manja. Tsamba ndi lozungulirako, kumunsi kwake pa kaphesi ndi kolowa mkati, kunsonga kobuntha, ndipo mukalisisita limakhakhala pang'ono. Nkhuyu zake ndi za masentimita 2 mpaka 3 kapena kuposerapo, zaubweya wofewa, zikapsa zimachita chikasu chofiirira, ndipo zimamera m'magulumagulu pa tinthambi topanda masamba totuluka pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu. Ndi mtengo womwewu umene Zakeyu anakwera ku Yeriko pa Luka 19, ndipo mneneri Amosi ntchito yake ina inali yosamala nkhuyu zake. Koma pali pena pamene pamasokoneza, ulipo mkuyu wa khungwa lomwelo ndi tsamba lomwelo umene nkhuyu zake sizikhala pathunthu, zimamera imodziimodzi m'khwapa mwa masamba kunsonga kwa nthambi ndipo zimakulirapo. Akatswiri ambiri amauwerenga ngati sycomorus yemweyo nkuwonjezera dzina lachitatu loti gnaphalocarpa, nde mukaupeza musathamangire kuti mwapeza mtundu wina.

Ofanana nawo kwambiri ndi Ficus sur, umene mabuku akale amaulemba kuti Ficus capensis. Nawonso umabala pathunthu nkhuyu zikuluzikulu zodyeka, ndipo pankhuyu pokha munthu utha kulumbira kuti ndi mtengo umodzi. Koma khungwa lake ndi lotuwa losalala, mulibe chikasu chija, tsamba ndi lotalikirapo losongoka, losalala mukalisisita, m'mbali muli mano otalikirana osalongosoka, ndipo masamba atsopano amatuluka ofiirira. Tinthambi tonyamula nkhuyu ndi titalitali tochita mphandamphanda tolendewera, ndipo timakonda kumunsi kwa thunthu mpaka pamizu penipeni, moti pena nkhuyu mumazitola zitagunda dothi zili chilumikizire. Uwu umakonda malo achinyontho ozizirirapo, nde mwayi woupeza ndi waukulu m'makwawa otsika kumapiri a Thyolo ndi kumtunda kwa Matandwe kusiyana ndi pa makande a pakati pachigwa.

Wachitatu wobala pathunthu ndi Ficus sansibarica, ndipo apa mpamene kakamwa ka nkhuyu kamagwira ntchito. Nkhuyu zake sizimera pa tinthambi, zimamera pa timfundo tolimba tatifupi totuluka panthambi zakale ndi pathunthu, mtengo wonse nkuoneka wa zibulumwazibulumwa, tsamba lake ndi losalala lotalika. Tengani nkhuyu ya sycomorus kapena ya sur muyang'ane kunsonga, muona kabowo kozungulira kotsekedwa ndi timamba tosanjikizana tooneka ndi maso. Tengani ya sansibarica, timamba simutiona, pali kamng'alu chabe ka milomo iwiri chifukwa timambato tinapindikira mkati. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa koma ndi kumene akatswiri amagawira nthambi zikuluzikulu za mfunda wonsewu, ndipo kamng'alu kameneka kakukuuzani kuti sansibarica olo amabala pathunthu ndi m'bale wapafupi wa kachere osati wa mkuyu wamumtsinje. Ine ndimaona kuti munthu akangozolowera kuyang'ana kakamwaka ndiye kuti theka la ntchito yatheka.

Chifukwa chake kakamwa kamasiyana mtundu ndi mtundu ndi nkhani ina yokoma. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere, ndipo anaona zoona, kungoti tizilombo tambiri timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu si nyerere, ndi timavu ting'onoting'ono ta milimita imodzi kapena awiri. Munayamba mwaonapo duwa la mkuyu? Simungalione, chifukwa nkhuyuyo ndi thumba la maluwa mazanamazana oyang'ana mkati, njuchi kapena mphepo sizingafikeko. Njira ndi imodzi yokha, kakamwa kaja. Kamavu kakakazi kamabwera katanyamula mungu wochokera ku mtengo wina, kamadzipanikiza pakakamwapo mpaka mapiko kuthothoka, kakalowa kamaikira mazira m'maluwa ena uku kakupaka mungu pa ena, kenako nthawi zambiri kamafera momwemo. Maluwa opakidwa mungu amasanduka njere, oikiridwa mazira amalera ana a kamavu. Pakapita masabata angapo timavu tatimuna, topanda mapiko, timayamba kutuluka, timakwera tatikazi tisanatuluke nkomwe m'zipinda zake, nkuboola kanjira pakhoma la nkhuyu. Tatikazi timatapa mungu nkuuluka kukasaka mtengo wina umene nkhuyu zake zili pa msinkhu wolandira, ndipo moyo wake kunjaku ndi wa tsiku limodzi kapena awiri basi. Timavu tikatuluka mpamene nkhuyu imafewa nkupsa, mileme, apumbwa, apusi ndi anyani nkuyamba phwando, zogwa pansi nkutola mbawala ndi nyala monga zimachitikira ku Lengwe.

Nde kawirikawiri mtundu uliwonse wa Ficus uli ndi kamavu kakekake, kamene mutu wake umakwana pakakamwa ka nkhuyu imeneyo ndipo kamadziwa fungo lake. Ka sycomorus ndi Ceratosolen arabicus, ka sur ndi Ceratosolen capensis. Mu sycomorus mumalowanso kena kotchedwa Ceratosolen galili kamene kamangoikira mazira osapaka mungu. Ubale wa mikuyu ndi timavuti ndi wa zaka zoposa 60 miliyoni, ndipo ndi umene umathandiza kuti mitundu iwiri yomera moyandikana isasakanikirane chisawawa. Ku Egypt sycomorus wakhala akudzalidwa kuyambira nthawi ya Afarao koma kamavu kake kulibe, nde mitengo ya kumeneko sibala njere zomera, amaichulukitsa pozika nthambi, ndipo nkhuyu amazitema ndi kampeni kuti zipse.

Izi zikutikhudza bwanji ife? Mikuyu ya mtundu umodzi sibala nthawi imodzi, wina ukamapsa wina ukuyamba kumene, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumasunga timavu chaka chonse, tikatuluka uku timapeza kolowa uko. Kafukufuku wina amene anachitika pa mtsinje wa Ugab ku Namibia, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti mungu wa sycomorus unayenda ndi timavu touluzika ndi mphepo usiku mpaka makilomita 160. Ndiye kuti mkuyu umodzi woima wokha pakati pa munda ku Bangula suli wokha ayi, utha kukhala ukulandira mungu wochokera ku Chikwawa kapena kutsidya ku Mozambique, ndipo nawo ukutumiza. Tikamadula mikuyu ikuluikulu yotsala m'madimba poti ikuchita mthunzi pachimanga, kapena kuotchera njerwa, timadula malo opumira a timavuti, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa nkhuni zake nzofewa, sizichedwa kunyeka, phindu lake silingafanane ndi zaka zimene mtengowo unatenga kuti ufike pamenepo.

Tsopano mtengo umene ndikufuna anthu a m'makomiti oteteza magombe audziwe bwino ndi Ficus capreifolia, ndipo ambiri sadziwa nkomwe kuti ndi mkuyu chifukwa sukula ngati mtengo. Ndi chitsamba cha nthambi zazitali zowonda zowerama, chimamera pamchenga ndi pagombe penipeni posakanikirana ndi bango nkupanga ziyangoyango zowirira. Tsamba ndi lowonda lalitali, lokhakhala mbali zonse ziwiri moti anthu amakwechesera mipini, zipande ndi mithiko m'malo mwa sandipepa, pena masamba amamera awiriawiri moyang'anizana zomwe sizichitikachitika mu Ficus, ndipo ena kunsonga amagawikana timano titatu. Nkhuyu ndi zazing'ono zokhakhala, zili ndi kaphesi, zimamera m'khwapa mwa masamba. Madzi akasefukira nthambi zake zimagona nkudzukanso, pamene zagunda dothi zimamera mizu, nde zimagwira mchenga ndi matope m'malo mokokoloka nazo. Mkuyu waukulu uli ndi ntchito yake kumtunda pang'ono kwa gombe, koma pamlomo pamadzi pamene mtsinje umadya chaka ndi chaka, chitsamba ichi ndi bango ndi zimene zimayenera. Chinanso, mtundu umenewu uli ndi tchire lachimuna ndi lachikazi padera, lina nkhuyu zake zimalera timavu ndi kutulutsa mungu, linalo zimabala njere, nde podula nthambi zokazika osatenga pa tchire limodzi lokha, tengani m'malo angapo otalikirana kuti mbali zonse zipezeke. Pali m'bale wake Ficus exasperata wa tsamba lokhakhala chimodzimodzi, koma uwo ndi mtengo weniweni wa m'nkhalango wa tsamba lotambalala, simungausokoneze ndi chitsamba cha pamchenga.

Tifike kwa kachere, kumene olo akatswiri eni ake amakangana. Kachere tonse timamudziwa, wa pabwalo la amfumu, woyamba moyo wake pamwamba pa mtengo wina. Mbalame kapena mleme umasiya njere pamphanda ya mtengo kapena pakati pa zikwa za mgwalangwa, kamtengo kamamera pamenepo, kamatsitsa mizu mpaka pansi, mizuyo imanenepa nkulumikizana nkukuta mtengo wa eni ake mpaka kuupha. Sayamwa madzi a mtengo winawo ayi, amangoufinya ndi kuulanda dzuwa. Masamba ndi ang'ono osalala, nkhuyu za sentimita imodzi kapena kuchepera, kawirikawiri ziwiriziwiri m'khwapa mwa masamba, kakamwa ka kamng'alu kaja. Utomoni wake ndi umene anyamata amaphikira ulimbo. Vuto ndi loti akachere a maonekedwe amenewa alipo angapo. Katswiri wina wa ku Netherlands, C.C. Berg, amene analemba za banja la mikuyu mu 1991 m'buku lofotokoza zomera za chigawo cha Zambezi lotchedwa Flora Zambesiaca, ambiri anawaphatikiza pansi pa dzina limodzi la Ficus thonningii ponena kuti kusiyana kwawo kulibe malire ooneka, wina amangolowerera mwa mnzake. Mu 2003 John ndi Sandra Burrows a ku South Africa, atayendera mitengo yamoyo m'tchire m'maiko a kuno kummwera, anawagawanso, nkubwezeretsa mayina monga Ficus burkei ndi Ficus petersii. Timavu tawo natonso timasiyana, burkei amadalira ka Elisabethiella pomwe petersii ka Alfonsiella. Nde mukaona buku lina likuti thonningii, lina likuti burkei pa mtengo umodzimodzi, palibe walakwitsa kulemba, akungotsata mbali ziwiri za mkanganowu. Dzina la petersii likukumbukira Wilhelm Peters wa ku Germany amene anatolera zomera ndi nyama cha ku Sena ndi Tete m'zaka za m'ma 1840, dokotala wotolera zomera John Kirk asanakwere Shire ndi David Livingstone mu 1859 nkumatumiza zomera za m'chigwa chino ku Kew, malo osungirako zomera ku England.

Pambali pa amenewa pali Ficus natalensis, kachere yemwe ku Uganda amasula khungwa lake kupanga nsalu ya chiwondo. Iyeyu nkhuyu zake zimakhala ndi kaphesi kooneka bwino ndipo nzosalala, masamba ena kunsonga amakhala ngati odulidwa m'malo mosongoka ndipo pena amakhala pafupifupi moyang'anizana. Kwa mlimi wofuna mthunzi, mpanda wamoyo kapena masamba a mbuzi mu October, kusiyanitsa burkei ndi petersii kulibe phindu lalikulu, onse amagwira mukazika nthambi ndipo onse mizu yawo ndi yaukali. Apa kungodziwa kuti ndi wa gulu la kachere kwakwana, ndipo sindiona chifukwa chokakamira dzina limene eni ake sanagwirizane.

Mitundu ina iwiri ya kumalo otentha otsika ngati kwathu kuno ndiyofunika kuitchula. Ficus bussei ndi chimtengo cha m'zigwa za dothi lobwera ndi madzi monga cha Zambezi ndi cha Shire, chimatambalala m'mbali kuposa kutalika kwake, nthambi zake zikuluzikulu zimayenda chopingasa mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi, khungwa lotuwa, tsamba lalitali lolowa mkati kumunsi, nkhuyu zobiriwira za timatuza m'khwapa mwa masamba. Munthu ukaona kukula kwake umangoti mkuyu, koma khungwa silachikasu ndipo pathunthu palibe nkhuyu. Ficus stuhlmannii umadziwika ndi tsamba lobiriwira moderako, lokhuthala, la ubweya wofewa, mukalitembenuza kunsi mitsempha yake yatukuka yolukanalukana, umakonda pachulu ndipo nawo umatha kuyamba ngati kachere pamtengo wina.

Kumiyala, monga ku Mwabvi, m'mapiri a ku Majete ndi m'mbali mwa msewu wokhotakhota wotsika kuchoka ku Blantyre, kuli gulu lina la mikuyu yoswa matanthwe, mizu yake yoyera imayenderera pamwala kusaka mng'alu. Ficus abutilifolia ndi wosavuta, tsamba lalikulu lozungulira lolowa mkati kwambiri kumunsi, khungwa loyera mwachikasu losalala. Ficus glumosa masamba ake, tinthambi ndi nkhuyu zomwe zili ndi ubweya. Koma amene a ziweto muyenera kumusamala ndi Ficus ingens. Umazindikirika bwino nthawi yophukira, masamba onse atsopano amatuluka ofiira psuu mtengo wonse nkuoneka patali, kenako amasanduka obiriwira osalala, otambalala kumunsi osongoka kunsonga, mitsempha yachikasu. Nkhuyu nzazing'ono m'khwapa mwa masamba, zotuwa kenako zofiirira, ndipo kakamwa kake si kamng'alu, kali ndi timamba titatu tathyathyathya totseka pamwamba, apa mpamene umasiyana ndi kachere ngakhale masamba atakhwima. Madokotala a ziweto ku South Africa anatsimikiza kuti masamba a ingens ndi a m'bale wake Ficus salicifolia amadwalitsa ng'ombe matenda a mitsempha, kunjenjemera, kudzandira mpaka kufa, makamaka nthawi yachilala pamene ng'ombe zanjala zadya ambiri. Ganizirani mmene zimakhalira kuno mu October ndi November, msipu utatheratu, kutentha kwadutsa madigiri 40, mnyamata wobusa akusadza nthambi za mtengo uliwonse wobiriwira kugwetsera ng'ombe, ndipo ingens nthawi imeneyo ndi imene amakhala ndi masamba anthete okopa. Masamba ndi nkhuyu za sycomorus ndi za kachere ziweto zimadya popanda vuto, nde mwana akangophunzitsidwa kuti mkuyu ndi chakudya cha ng'ombe osauzidwa kuti wa pamwala wofiira uja ayi, tamuphunzitsa theka.

M'matauni monga pa Nchalo ndi pa boma la Nsanje mupezanso ma Ficus obwera, Ficus benjamina wa timasamba tonyezimira tolendewera amene anthu amadzala pakhomo, ndi Ficus elastica wa masamba akuluakulu okhuthala. Onsewa kwawo ndi ku Asia, ndipo mizu yawo pa mapaipi ndi pa simenti ndi yoopsa chimodzimodzi kachere.

Nde nyengo yodzala mitengo ikamayandikira, ija imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, ntchito yosankha mtengo wa mayi iyenera kuchitika kale mitengo ili ndi nkhuyu, osati tsiku lodula nthambi. Mbande ya m'chubu ya masamba anayi palibe angakuuzeni motsimikiza kuti ndi mtundu uti, koma mtengo waukulu wobala umadziulula wokha, nde muuzindikire, muuike chizindikiro, nthawi ikakwana mukadule pamenepo. Nthambi yozika imatenga chilichonse cha mayi wake, ndipo ubwino wake ndi woti imakula msanga komanso ikakhala yaitali mbuzi sizifikira kunsonga. Njere nazo zimamera, mumang'amba nkhuyu yakupsa, kuyanika, kuwaza pamwamba pa mchenga wonyowa osakwirira kwambiri poti zimafuna kuwala, kungoti zimafuna chisamaliro chambiri ku nazale. Capreifolia pamlomo pamadzi, sycomorus kumtunda kwa gombe ndi m'madimba momwe mizu ipeze madzi apansi, kachere pabwalo, kukhola la ziweto kapena m'malire a munda koma kutali ndi nyumba, chitsime, mjigo ndi chimbudzi. Sycomorus mukamudzala ku mphala kouma kopanda madzi apansi amangokwinimbira, ndipo anthu amayamba kunena kuti mikuyu sigwira chonsecho ndi malo amene alakwika.

Za ma app a pafoni ozindikira zomera, amathandiza kukufikitsani pa Ficus koma kupitirira apo musawakhulupirire msanga, chithunzi cha tsamba limodzi amatha kukupatsani dzina la mtengo wa ku India kapena wa m'miphika ya ku Ulaya. Ngati mukufuna wina akuthandizeni, kaya mlangizi wa zankhalango kaya anthu a pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu amathandizana kuzindikira zomera ndi nyama, jambulani mtengo wonse muli patali, khungwa pafupi, kanthambi kali ndi masamba angapo kumwamba ndi kunsi komwe, nkhuyu ili chimerere pamalo pake, ina mutayang'anitsa kakamwa ku kamera, ina yong'amba pakati, pambali muike ndalama yachitsulo kapena rula kuti kukula kudziwike. Lembani zimene chithunzi sichinganene, ngati tsamba likukhakhala kapena ayi, ngati mtengo waima pawokha, pamwala, pachulu kapena wakuta unzake, ndi mtunda wake kuchoka kumadzi. Pa akachere ovuta aja, dulani kanthambi ka masentimita ngati 30 kokhala ndi masamba ndi nkhuyu, kaikeni pakati pa nyuzipepala, tsindikani ndi thabwa ndi njerwa, muzisintha pepala tsiku ndi tsiku mpaka kaume, nkhuyu zina muyanike padera mu envelopu poti zimachita nkhungu msanga ndi chinyezi cha kuno. Papepala lembani mudzi, T/A, tsiku ndi dzina limene akuluakulu a pamalopo amautchula mtengowo m'Chimang'anja kapena m'Chisena, chifukwa pali agogo amene amasiyanitsa mitengoyi ndi mayina oposa awiri athu aja ndipo mayinawo akupita nawo kumanda osalembedwa. Kanthambi kotere a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba atha kukafananiza ndi zimene anasunga m'makabati awo.